Kuthamanga ndi Kuthawa: Funso la Amalume pa Chisanu cha Kumapulazi

M'mwezi wa Juni chaka chatha ndinakagona kwa amalume anga m'komboni ya pulazi ina ya pakati pa Marondera ndi Macheke, kumene ndinabadwira. Kunja kukuyamba kuyera ndinadzuka n'kuvala kabudula, juzi ndi nsapato zothamangira monga ndimachitira kutauni. Udzu wa m'mbali mwa njira unali mbuu ndi chisanu, ngati wina wauwaza ufa. Amalume anali kale pamoto atafunda bulangete mpaka kumutu, pakuti ndi mlonda wa pampu ya padamu ndipo anali atangoweruka kumene. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa kuti, "Kodi mphwanga, akukuthamangitsa ndani?" Ndinayankha kuti palibe, ndikungolimbitsa thupi basi. Iwo anasonkhezera moto, nati, "Ndiye kuti pali chimene ukuthawa koma sukuchidziwa. Munthu wamkulu satuluka m'bulangete nthawi ino simbi isanalire."

Ndinaseka n'kunyamuka. Koma pa makilomita 10 amene ndinathamanga m'mawa umenewo, kulambalala minda ya tirigu ndi mashedi akale a fodya, mawu awo sanandichoke m'mutu, ndipo ndiwo abala nkhani ino. Anthu awiri akamathamanga pa njira imodzi, m'chisanu chimodzi, wina mwa kufuna kwake, wina mokakamizidwa, kodi akuchita chinthu chimodzi? Ndipo ngati kupirira kuzizira kuli ukoma, monga amatiuzira aphunzitsi a zamasewera, alaliki ndi anzeru akale, ukomawo ndi wa yani mwa awiriwa?

Tiyambe ndi chisanucho. Marondera ili pamalo okwera mamita opitirira 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, imene Ashona amaitcha Chikumi ndi Chikunguru, usiku kumwamba kumakhala kopanda mitambo ndipo mpweya ndi wouma, kotero kufunda konse kumene nthaka inalandira masana kumauluka kusanache. Mpweya wozizira umalemera kuposa wofunda, choncho umatsetserekera kumadambo n'kukhazikika komweko. Pa pulazi yathu, monga pa mapulazi ambiri amene ndinaonapo, nyumba ya bwana inali pachitunda ndipo komboni inali kumunsi, pafupi ndi dambo. Usiku unali umodzi, koma chisanu sichinagawidwe mofanana. Masiku ena kumabwera mvula yowaza ndi nkhungu, imene kuno amati guti, m'bale wake wa chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ndipo nyengo imeneyi si yopuma pa pulazi. Lamulo limalola kufesa nazale za fodya kuyambira pa 1 Juni; fodya wokolola amasankhidwa m'mashedi; tirigu wobzalidwa mu Meyi amafuna madzi, ndipo mapaipi othiririra amasunthidwa ndi manja mbandakucha, munthu atanyowa mpaka m'chiuno.

Chichewa chili ndi mawu awiri pamene Chingerezi chimatha kugwiritsa ntchito amodzi. Timati kuthamanga, timatinso kuthawa, monga Ashona amasiyanitsa kumhanya ndi kutiza. Miyendo imachita zofanana, mtima umagunda chimodzimodzi, koma wothawa ali ndi chinthu kumbuyo kwake. Pakati pa mawu awiriwa pali ena achitatu, kuthamangitsa, amene pa malamulo a chiyankhulo angotanthauza kuchititsa wina kuthamanga, koma pakamwa pa anthu amatanthauza kupirikitsa, kuchotsa munthu pamalo. Amalume sanandifunse kumene ndinali kupita. Anandifunsa za amene anali kumbuyo kwanga, chifukwa m'moyo wawo wonse liwiro linali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo sanali wothamangayo.

Simbi imene anatchula ndi chitsulo chakale cha khasu la thirakitala chopachikidwa pamtengo, chimene folomani ankachimenya kunja kusanayere. Chikalira kachiwiri iwe usanafike pamzere, kalaliki sankalemba tsiku lako. Ndikukumbukira amayi anga akuthamanga ndi mwana kumbuyo, chitenje china atakulunga kumutu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ife ana tinali ndi simbi yathu, ya kusukulu, makilomita angapo kutsidya kwa dambo. Tinkaika timiyala m'phulusa la moto usiku, m'mawa n'kutikulunga m'pepala kuti tifunditse manja. Nsapato tinalibe, ndipo zikang'a zinkatuluka magazi tikaponda udzu wouma ndi chisanu. Tinkathamanga chifukwa choopa chikwapu, komanso chifukwa tinali titazindikira, popanda wotiphunzitsa, chimene akatswiri a zathupi amanena: mwa mphamvu zonse zimene minofu imawotcha, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndilo limasanduka kuyenda, zotsalazo zimasanduka kutentha. Liwiro linali juzi ya mwana wopanda juzi. Kuipa kwake kunali kofika m'kalasi, thukuta likayamba kuzizira pamsana.

Njira imene ndinathamanga chaka chatha ndi yomweyo. Nthawi yake ndi yomweyo, mwina ndi chisanu chomwe. Koma ulendo uno ndinabwerako ndili wokondwa, ndipo ndikanakhala pakati pa anzanga a kutauni ndikananena monyada kuti ndagonjetsa ulesi. Nanga chasintha n'chiyani?

Anzeru a ku Ulaya akale ankakonda kuzizira. Plato akusimba kuti Socrates, ali msilikali ku Potidaea, ankayenda pa madzi oundana wopanda nsapato pamene anzake anali atakulunga mapazi m'zikopa. Za Diogenes zimamveka kuti nyengo yozizira ankakumbatira zosema zokutidwa ndi chipale kuti azoloweretse thupi lake mavuto. Seneca, m'kalata ina yopita kwa Lucilius, analangiza mnzakeyo kuti azipatula masiku angapo ovala zosasangalatsa ndi kudya zosakoma, kuti umphawi ukadzabwera usadzamuopse. Malangizowa ndi anzeru ndithu. Koma tisaiwale kuti Seneca anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri mu Roma, ndipo akapolo a m'nyumba mwake, amene zovala zoterozo zinali zawo za tsiku ndi tsiku, palibe amene anawatcha anzeru chifukwa cha zimenezo. Umphawi wa masiku atatu uli ndi khomo lotulukira, ndipo khomolo ndilo limausandutsa sukulu.

Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anafotokoza mfundo yomweyi ndi chitsanzo cha njala. Wosala kudya ndi wosowa chakudya onse m'mimba muli pululu, koma woyambayo akanatha kudya akanafuna. Poyesa moyo wa munthu, akutero Sen, tisangoona chimene akuchita, tionenso zimene akanatha kuchita. Ayao a m'komboni mwathu ankadziwa zimenezi popanda buku: njala ya mwezi wa Ramadani ankaitcha kufunga, koma njala ya mwezi umene malipiro achedwa ankangoitcha njala. Chisanu chilinso chimodzimodzi. Changa cha chaka chatha chinali ndi moto wa amalume kumapeto kwake, ndipo ndikanatha kutembenuka pa kilomita yachiwiri popanda wondidula malipiro.

Mpaka pano nkhani ikuoneka yosavuta, ndipo wina angaitseke ponena kuti kuthamanga ndi kwa mfulu, kuthawa ndi kwa kapolo. Mbiri ya kumapulazi siivomereza zimenezo.

Agogo athu anabwera ku Southern Rhodesia kuchokera ku Nyasaland, ambiri pansi, kudzera ku Tete ndi ku Mutoko; ena pambuyo pake anakwera malole a Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi. Atafika anapeza lamulo la Masters and Servants la 1901, limene linalamulira antchito a m'mapulazi mpaka kumapeto kwa ulamuliro wa atsamunda. Pansi pa lamulo limeneli, kusiya ntchito nthawi ya pangano isanathe unali mlandu wopita nawo kwa majisitireti. Komabe anthu ankathawa. Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la 1976, anaonetsa kuti m'migodi ya dziko lino kuthawa kunali njira yaikulu imene antchito ankakanira nkhanza ndi malipiro ochepa, ndipo ankauzana okhaokha za mabwana oyenera kuwapewa. Kumapulazi zinalinso choncho. Munthu amene ananyamula bulangete lake pakati pa usiku wa Julaye n'kulowera kuthengo, kusiya bwana womenya, anali wothawa ndithu. Koma mwa onse a m'komboni usiku umenewo, ndi iye yekha amene anachita chimene mtima wake unasankha. Otsalawo, amene m'mawa mwake anathamangira simbi, ndiwo anali pa liwiro la mwini.

Tsono mawu awiri aja satithandiza mpaka kumapeto. Aristotle anaona vuto lotere m'buku lachitatu la Nicomachean Ethics, pamene anakamba za amalinyero otaya katundu m'nyanja pofuna kupulumutsa chombo pa namondwe. Palibe amene angataye katundu wake mwa kufuna, komabe pa nthawi imeneyo dzanja lotayalo ndi lake ndipo wasankha yekha. Zochita zotere anazitcha zosakanizika. Ndikuganiza kuti pafupifupi liwiro lonse la kumapulazi ndi la mtundu umenewu. Amayi anga pothamangira simbi anali okakamizidwa, koma analinso mayi amene watsimikiza kuti ana ake adya ndipo apita kusukulu. Kunena kuti anali chida chabe m'manja mwa folomani ndi kuwalanda chinthu chimene folomaniyo sanathe kuwalanda.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene pali msampha. Tikavomereza kuti kupirira kwa amayi anga kunali ukoma weniweni, ndipo ine ndikuvomereza ndi mtima wonse, sitichedwa kutsetserekera ku mfundo ina yofanana nayo pamaso koma yoipa: yakuti chisanucho chinali chabwino popeza chinabala munthu wolimba. Eni mapulazi ndi migodi a nthawi ya atsamunda ankayamikira kwambiri anthu a ku Nyasaland kuti ndi olimbikira, omvera ndi osadandaula. Chiyamikiro chimenechi chinali chotsika mtengo kuposa jombo ndi chikhothi. Munthu ukamutcha wopirira, wadzimasula pa udindo womufunditsa. Ndipo si azungu okha amene anagwa mu msampha umenewu. Ife amene tinatuluka m'komboni n'kuphunzira timakonda kuuza ana athu kuti tinkapita kusukulu opanda nsapato m'chisanu ndipo n'chifukwa chake tili pano. Timaiwala kuwerenga anzathu a m'kalasi imodzi amene chisanu chomwecho chinawabweza pa dambo paja, n'kuyamba kusankha fodya ali ndi zaka 12. Chisanu sichinasankhe olimba. Chinangochepetsa chiwerengero, ndipo otsalafe tinadzipatsa dzina labwino.

Kotero ndikuti ukoma wa kupirira ndi wa wopirirayo, ndipo ndi iye yekha amene ali ndi ufulu wouwerengera ngati phindu. Wokhala pamoto, kaya ndi bwana, kaya ndi nduna, kaya ndi mwana wophunzira wolemba nkhani m'magazini, angathe kuulemekeza, koma sangautenge n'kulipirira ngongole yake.

Zaka za m'ma 2000 zinaonjezera mutu wina pa mbiri imeneyi, ndipo zambiri zoopsa zinachitika m'nyengo yozizira. Nkhani ya malo inali yoona ndi yakale: lamulo la Land Apportionment la 1930 linapatula nthaka yabwino kukhala ya azungu, ndipo alimi achizungu pafupifupi 4,500 anali akadali ndi gawo lalikulu la nthakayo zaka 20 dziko litalandira ufulu. Mapulazi atayamba kulandidwa mu Febuluwale 2000, mabanja ambirimbiri a anthu akuda analandira minda, ndipo zimenezo sitingazinyoze. Koma pa mapulaziwo panali antchito pakati pa 300,000 ndi 350,000, ambiri mwa iwo ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa 2003 anapeza kuti amene analandirako malo sanakwane 5 mwa 100 alionse. Chisankho cha aphungu chinachitika mu Juni 2000, ndipo chibwereza cha chisankho cha pulezidenti chinachitika pa 27 Juni 2008. Pokonzekera zisankho zonse ziwirizi, antchito a m'mapulazi a ku Mashonaland ankatengedwa kupita ku misonkhano ya usiku wonse yotchedwa pungwe, kumene ankaimbitsidwa ndi kudumphitsidwa mpaka kucha, ndipo ena anagona kuthengo pothawa kumenyedwa. Mu 2005, Operation Murambatsvina inayamba mu Meyi. Kumapeto kwa Juni nyumba za ku Porta Farm pafupi ndi Norton, kumene kunkakhala anthu ambiri amene kale anali antchito a m'mapulazi, zinagwetsedwa, anthu n'kugona panja. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti m'dziko lonse anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera chakudya.

Wothawa wa nthawi ya agogo anali ndi kothawira: pulazi ina, mgodi, kapena kwawo ku Ntcheu. Mdzukulu wake wa 2002 analibe. Kumudzi kwa Ashona analibe mfumu yomupatsa malo, ku Malawi sanapondeko, ndipo lamulo la unzika la 2001 linamufuna kuti akane unzika wa dziko limene sanalionepo, apo ayi ataye wa dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, koma zaka khumi zinali zitapita. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Anthu awa anatchedwa alendo kwa mibadwo itatu, ndipo dzuwa limene linayenera kuwakamula linkayembekezeka chaka ndi chaka. Munthu amene waona zimenezi ndi maso ake akafunsa kuti akukuthamangitsa ndani, sakuseka.

Kodi ndiye kuti m'komboni munalibe liwiro la mwini wake? Linalipo, ndipo ndikanalakwa kulisiya. Loweruka madzulo m'chilimwe ndi m'nyengo yozizira yomwe, ng'oma zikalira, zilombo zinkatuluka kudambwe. Za kumeneko sindinena zambiri, pakuti si za m'magazini. Koma aliyense amene anakulira pa pulazi akukumbukira kang'wingwi, thupi lonse matope okhaokha, akudutsa m'komboni ngati mphepo pamene ife tinali kunjenjemera m'ziguduli. Palibe simbi imene inamuitana, ndipo folomani yemwe ankapatuka panjira. Mu 2005, chaka chomwe cha Porta Farm, UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mabwalo a kumapulazi a ku Zimbabwe sanatchulidwe. Komatu kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba chisanu chikunyozedwa poyera ndi amene tsiku lililonse chinkawalamulira.

Palinso othamanga a mpikisano, amene nkhani yawo ndi yosakanizika kuposa onse. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana Comrades Marathon katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Mpikisano umenewu, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, unayamba mu 1921, umachitika nyengo yozizira ndipo umayamba kusanache. Anthu akuda analoledwa kulowamo mwalamulo mu 1975. Pa mzere woyambira pamaima dokotala amene walipira ndalama zambiri kuti adzazunzike tsiku limodzi, pambali pake pali mnyamata amene mphoto ya tsikulo ndiyo lendi ndi fizi ya chaka chonse. Onse asankha, koma sanasankhe kuchokera pa mndandanda wofanana. Sindikunyoza dokotalayo, pakuti ine ndili mbali yake. Ndikungoti akamaliza asanene kuti tsopano wadziwa chimene mnzakeyo amamva.

Nanga za mlandu umene amalume anandiimba, wakuti pali chimene ndikuthawa? Ndinayamba kuthamanga adokotala atandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, mawu amene pa Chichewa ali ndi nthabwala yakeyake. Ndiye kuti kumbuyo kwanga kulidi chilombo, ngakhale chilibe chikwapu. Wotchi ya pamkono panga imandiwerengera makilomita monga kalaliki ankawerengera masiku, ndipo ndikajomba ndimamva manyazi ofanana ndi a wochedwa pamzere. Mwina palinso china chozama. Ndazindikira kuti ndimakonda kuthamanga nyengo yozizira kuposa yotentha, ndipo ndimasankha njira za m'madambo. Ndikuganiza kuti ndimabwerera ku chisanu chimene chinandizunza ndili mwana kuti ndikachipeze ndili ndi nsapato, ndikachilowe ndi kuchituluka pa nthawi imene ndafuna ine. Ngati kumeneko kuli kuthawa, ndi kuthawa kobwerera komwe unachokera, ndipo chiyankhulo chathu sichinakonze mawu ake.

Nditabwerako dzuwa linali litatuluka, chisanu chikusungunuka pa udzu n'kusanduka mame wamba. Amalume anali asanagone. Anafukula mbatata m'phulusa, naigawa pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu. Anatenga nsapato imene ndinavula, naitembenuza, nakanikiza pansi pake ndi chala.

"Zimenezi unagula zingati?"

Ndinachita manyazi kutchula mtengo wake weniweni, choncho ndinatchula theka. Iwo anaimba mluzu, naibweza pansi mosamala ngati dzira.

"Amalume, inu simunathamangepo chabe, popanda chifukwa?"

Anaganiza nthawi yaitali. "Kudambwe," anatero potsiriza, "koma zimenezo si za iwe, sunalowe."

Nthawi yomweyo simbi inalira kumtunda. Ndi chitsulo chomwe chija, pa mtengo womwe uja, ngakhale kuti woimenya ndi mwini pulazi ndi ena tsopano. Ana atatu ovala yunifolomu anatulukira kuseri kwa nyumba ali pa liwiro, awiri ovala nsapato, wachitatu wopanda, ndipo wamng'ono pa onse anali atafumbata kanthu kokulunga m'pepala ndi manja onse awiri.